Lenzi Yoponya Patali

Mwati ndikuuzeni pulojekita yabwino yoti mpingo wanu ugule? Ha! Mwafunsa munthu wake, koma mwafunsa chaka choipa. Sendezani kaye chikunicho, utsi ukundilowa m'maso. Za malumeni ndikuuzani, za malenzi ndikuuzaninso, koma mumve kaye zimene zinandionekera ine Gelesomu nditagula makina anga omaliza.

Ntchito yoonetsa zithunzi m'maukwati ndi m'misonkhano ndinaiyamba ndi Layisoni. Layisoni sanali mnzanga wamba, anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Ezelina. Awiriwa anapita kukalima fodya wa utenanti ku esiteti ina kumalire a Zambia uko, ndipo patatha zaka ziwiri Layisoni anabwerako yekha, ataonda, maso ali psuu. Anagwada pakhonde pa amayi n'kunena kuti Ezelina wathawa ndi dalaivala wa lole, akuti analowera cha ku Chipata. Analira mwamuna wamkulu, mamina chuchuchu. Atsibweni anafuna kumupanikiza ndi mafunso, koma ine, wanzeru wa pamudzi ine, ndinaimirira n'kunena kuti, "Musiyeni munthuyu, wolakwa ndi mwana wathu." Kuyambira tsiku limenelo amayi analetsa dzina la Ezelina pakhomo. Anamwalira patapita zaka zinayi asanalitchulenso.

Ine Layisoni ndinamutenga ngati wa bere limodzi. Tinagula kapulojekita kakang'ono, jenereta ndi nsalu yoyera, n'kumayenda nazo kuchokera ku Nambuma mpaka ku Mponela. Kagwiridwe kathu kanali kotere: iye kumbuyo pa makina, ine kutsogolo pa nsalu. Pochuna chithunzi, wina amayenera kuima pansalu penipeni n'kukweza dzanja zilembo zikayamba kuoneka bwino. Zaka zisanu ndi ziwiri woima pansalu ndinali ine. Ndikati tisinthaneko, iye ankati, "Maso anga sagwirizana ndi kuwala, alamu." Ngakhale galimoto ikaima itayatsa nyali, mnzangayo ankazungulira kumbuyo kwake, kutsogolo ayi. Ndinkamuseka kuti amaopa kuwala ngati mphemvu, iye n'kumasekanso.

Chaka chatha Layisoni anapempha kukwatira Dailesi, mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira m'nyumba mwathu. Atsibweni anapukusa mutu, azakhali anaomba m'manja modabwa. Amene anawafewetsa ndi ine. Ndinati banja lathu linamuchititsa manyazi munthuyu, tiyeni timupukute misozi. Ndinadzipereka ndekha kukhala nkhoswe wa Dailesi, kutanthauza kuti Loweruka la ukwati womupereka mwanayo m'manja mwa Layisoni ndinali ine.

Madyerero anakonzedwa kuti akachitikire m'shedi yakale ya fodya imene alimi a kwathu anaisandutsa holo. Ndinakaiyeza ndi tepi: mamita makumi atatu m'litali. Padenga pali malata oonekera asanu ndi atatu, mawindo alibe makatani, ndipo madyerero amayamba 2 koloko dzuwa likuswa mtengo. Kapulojekita kathu kanali ka malumeni 3,000. Malumeni ndiwo muyeso wa mphamvu ya kuwala, ndipo ndi ochepa chonchowo, masana chithunzi chimaoneka ngati tiyi wothira madzi kawiri. Ine ndinalumbira kuti pa ukwati wa mlongo wanga, ngakhale gogo wokhala pa benchi yomaliza aona nkhope iliyonse.

"Tigule yowala zenizeni," ndinamuuza Layisoni. "Tiike kumbuyo kwenikweni pa nsanja, iziponya kuchokera kumeneko."

"Za chiyani zimenezo, alamu? Tingopeza lenzi yoponya pafupi. Makina akhale mamita awiri kuchokera pansalu, pasadutse munthu."

"Mwaiwala perekani-perekani? Holo yonse imavinira kutsogolo. Azimayi a ku Dowa aja akalowa m'bwalo, makina anuwo muwatola panja."

Anaumirira masiku atatu, mpaka ndinapsa mtima n'kumufunsa ngati ukwatiwo unali wake kapena wa mdani wake. Kenako anapempha chinthu china. Anati pa zithunzi za banja zimene tikaonetse, Ezelina achotsedwemo, anthu angayambe manong'onong'o. Ndinaona kuti n'zomveka. Sabata yathunthu ndinakhala pa laputopu ndikumudula mlongo wanga m'zithunzi: cha ubatizo, cha pa Khirisimasi, cha kumunda kwa mtedza. Ndinkatsata m'mbali mwa thupi lake pang'onopang'ono, kuyambira pa duku, kutsika ndi khosi, phewa, mpaka kuphazi, n'kutseka malowo ndi khoma kapena masamba. Ndinaigwira bwino ntchitoyo moti ndinadzitamandira ndekha.

Lachiwiri la sabata ya ukwati tinakwera minibasi kupita ku Lilongwe. Tikulowa, mayi wina amene anakhala pafupi ndi chitseko ananyamula dengu lake n'kuliika pamiyendo. "Khalani apa, mayi, kumbuyoko kumadumpha," anatero akuyang'ana kuseri kwa Layisoni. Ndinacheuka. Kuseriko kunali kondakitala yekha. Mayiyo anaphethira kawiri, n'kuyang'ana pawindo, koma dengu sanalibwezere pampando mpaka tinafika. Ulendo wonse m'minibasimo munkanunkha fodya wamuwisi, pamene unali mwezi wa Ogasiti, nazale ngakhale imodzi isanafesedwe.

Sitolo inali ya bambo Jailosi, mkulu wa imvi amene wakonza makina otere kuyambira kale. Atationa anatulutsa mipando itatu, pa umodzi n'kuikapo kapilo.

"Tilipo awiri, bambo," ndinatero.

Anayang'ana pakhomo, n'kukanda m'mutu. "Ukalamba uwu. Khalani, khalani."

Ndinawafotokozera za holo ija. Anatenga pepala n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Anati kuwala kokha sikokwanira, pamafunika lenzi yogwirizana ndi mtunda. Nsanja yanga inali mamita 27 kuchokera pansalu, nsalu m'lifupi mamita anayi ndi theka. "Ndiye kuti nsalu yanu ikulowa kasanu ndi kamodzi mu mtundawo," anatero. "Mukaika lenzi wamba, chithunzi chimwazika khoma lonse mpaka kudenga, kuwala n'kuthera m'njira. Inu mukufunika yoponya patali, imene imasonkhanitsa kuwala n'kukakutula pamalo amodzi." Anatulutsa makina a malumeni 8,500, olemera moti tinanyamula awiri, kutsogolo kwake kuli dzenje. Kenako anabweretsa lenzi ili m'bokosi lakelake, yaitali ngati botolo la mafuta ophikira. Anandionetsa kailowetsedwe kake, kuipotoza mpaka imveke kuti kha, ndi kabatani koichotsera.

Kuseri kwa sitoloyo kunali kanjira kakatali koyeseramo makina. Bambo Jailosi anauza Layisoni kuti, "Akulu, takaimani kukhoma uko, mutiuze zilembo zikakhala bwino."

Layisoni anatulutsa foni imene sinalire n'komwe. "Halo? Halo? Netiweki ikuvuta muno," n'kutuluka panja.

Ndinakaima ine, monga mwa masiku onse. Abale, kuwala kwake! Chithunzithunzi changa chinagwa pakhoma chakuda bii, tsitsi lililonse likuoneka palokha. Ndinakondwa ngati mwana. Tikupakira, bambo Jailosi anandiyandikira n'kufunsa chapansipansi, "Anzanuwa kunyumba kwawo kuli bwino?" Ndinati kuli bwino kwambiri, Loweruka akukwatira. Mkuluyo anangomanga bokosi, ndipo potsanzikana anagwira dzanja langa lokha.

Makinawo ndinawasunga m'chipinda changa chosungiramo katundu, lenzi ili momwemo, nditaivundikira ndi chivundikiro chake. Lachitatu m'mawa ndinapeza chivundikirocho chili pamwamba pa makina. Ndinati mwina ndinaiwala. Ndinavundikiranso, n'kukhoma chitseko, kiyi m'thumba. Lachinayi m'mawa, chimodzimodzi: chachotsedwa, chaikidwa bwinobwino pamwamba, chopenyetsa kumwamba ngati mbale yotsukidwa. Ndinakalipira mkazi wanga mpaka analira, chonsecho kiyi anagona m'thalauza mwanga. M'chipindamo munali kafungo kaja ka fodya wamuwisi.

Lachisanu tinapita kuholo 2 koloko, nthawi yofanana ndi ya madyerero, kuti tione ngati makina alimbane ndi dzuwa. Tinali awiriwiri. Azimayi okongoletsa anali atapita kukadya. Popeza wophunzitsidwa za lenziyo ndinali ine, ndinakwera pa nsanja. Layisoni anaima pansi pa nsanjayo, kumbuyo kwa makina, manja m'thumba. Ndinayatsa makina, lenzi ili yovundikira, ndikudikira kuti makina atenthe.

Ndi pamene ngodya imodzi ya nsalu inamasuka n'kulendewera.

"Alamu, takamangani chingwecho," ndinatero. "Ine ndikatsika pano waya uyu asokonekera."

Anayang'ana makina. "Mwavundikira?"

"Ndavundikira, simukuona?"

Anayenda holo yonse mothamanga, n'kukwera pa benchi, manja m'mwamba akulimbana ndi chingwe. Ine maso anali pa laputopu. Kumbuyo kwanga, pafupi ndi khutu, wina anausa moyo, kuusa kwa munthu amene wayenda mtunda wautali atasenza katundu. Ndisanacheuke ndinamva kuti gwa, chivundikiro chagwa pa thabwa la nsanja n'kugubuduka. Dzanja langa silinachikhudze, ndikulumbira pamaso pa Mulungu.

Nsalu yonse inayera mbee. Chithunzithunzi cha Layisoni chinali pomwepo, pa benchi, manja m'mwamba. Pambali pake, chapansi, panali china.

Chinaima pansi, pamene panalibe munthu. Layisoni anauma osagwedezeka, koma chinacho chinasuntha, chinatembenuka pang'onopang'ono n'kuima cham'mbali. Nkhope panalibe, chithunzithunzi chilibe nkhope. Koma ine ndinali nditatha sabata yathunthu ndikutsata duku ameneyo, khosi limenelo lopendekera pang'ono kumanzere, phewa limenelo. Palibe munthu padziko amene ankadziwa m'mbali mwa thupi la Ezelina kuposa ine. Chimodzi chokha n'chimene sindinachidulepo pa chithunzi chilichonse: dzanja lina linagwira msana, ndipo mimba inali kutsogolo, yaikulu, ya masiku omaliza.

"Zimitsani!" anakuwa Layisoni. "Alamu, zimitsani!"

Sindinazimitse. Ndinatsika pa nsanja n'kuyenda m'mbali mwa khoma, kupewa kudutsa m'kuwalamo. Iye anagwa pa benchi n'kukwawira pambali. Atangotuluka m'kuwala, nsalu inatsala yoyera, yopanda kanthu.

Ndinamugwira pa kolala. "Ali kuti mlongo wanga?"

Anayamba ndi kulira kuja, kulira komwe kuja kwa pakhonde pa amayi. Ndinamuwomba mbama. Ndipo anayankhula. Ezelina sanakwere lole ya munthu. Anali ndi pakati, ndipo uthenga sanatumize kumudzi poti ankafuna adzatidzidzimutse ndi mwana m'manja. Matenda atayamba, Layisoni sanali pakhomo, anali kwa mkazi wina pa msika, masiku awiri. Pobwera anapeza azimayi a pa esiteti atazungulira nyumba, mwana wakanika kutuluka. Mukudziwa zimene akuluakulu amanena mayi akavutika chotero: amati mwamuna anayenda panja. Azimayiwo anamuuza kuti aulule, iye anakana kuti sadziwa kanthu. Pamene ankapeza thirakitala yopita kuchipatala, Ezelina anali atapita, mwana ali m'mimba.

"Ndinaopa, alamu. Atsibweni akanandipha. Anthu akanandiloza chala moyo wanga wonse."

"Munamuika kuti?"

"Kumanda a alendo, kuseri kwa zigafa za fodya. Matenanti anzanga anandithandiza. Fodya atagulitsidwa aliyense anabwerera kwawo."

"Popanda m'bale ngakhale mmodzi? Popanda nyimbo?"

Anangoweramitsa mutu.

Inu, mtima wanga unawawa tsiku limenelo kuposa tsiku limene tinaika amayi. Munthu ameneyu anadya m'mbale mwanga zaka zisanu ndi ziwiri. Anamva amayi akutukwana mwana wawo wakufa kuti ndi hule, iye ali pomwepo akumwa thobwa lawo. Ananyamula nawo bokosi la amayi, akudziwa kuti apita ndi mkwiyo pa mwana wosalakwa. Ndipo ine anandiika kutsogolo ngati galu wake, kuti ndiziluma aliyense wofunsa mafunso.

"Ukwati kulibe," ndinamuuza. "Mukhale pompano. Ndikukatenga atsibweni, mukanene nokha ndi pakamwa panu."

"Ndinena, alamu. Ndatopa nazo. Ndinena zonse."

Ndinamukhulupiriranso. Mundiseke, ndinamukhulupiriranso! Ndinazimitsa makina n'kumusiya atakhala pa benchi, nkhope m'manja.

Kumudzi ndinapeza pakhomo pali piringupiringu, azimayi akusefa thobwa, ena akusenda anyezi, mbuzi zitamangidwa pa mtengo. Ndinakokera atsibweni ndi azakhali kuseri kwa nkhokwe n'kuwauza zonse. Azakhali anakhala pansi mwadzidzidzi. Atsibweni anatenga ndodo yawo, ndipo tinabwerera kuholo ndi akuluakulu ena atatu, dzuwa litapendeka.

Tinamupeza Layisoni akuthandiza azimayi okongoletsa kupachika maluwa, nkhope yosamba, akuseka. Atsibweni atamufunsa, anatsegula maso modabwa.

"Ine? Ndanena zimenezo ine? Atsibweni, alamuwa sanagone sabata yonse, akhala akuyang'ana zithunzi za Ezelina usana ndi usiku. Masana ano anangoyamba kukuwa okha, n'kundimenya. Onani tsaya langali. Ine sindinawasungire chifukwa, ndikudziwa kuti mlongo wawo amamusowa."

Anayankhula mofatsa, mwachisoni, mpaka azakhali anayamba kundiyang'ana ine.

"Chabwino," ndinatero. "Kaimeni pansalu. Aliyense aone yekha."

"Ndikaima, alamu, ngati zingakuthandizeni."

Anapitadi, n'kukaima pakati penipeni pa nsalu, manja atapinda. Ndinathamangira pa nsanja. Kutsogolo kwa makina kunali dzenje lokha. Lenzi panalibe. Ndinayang'ana m'bokosi, pansi pa nsanja, m'zikwama, paliponse. Ndinayatsa choncho, koma popanda lenzi kuwala kunangomwazika n'kuthera m'malere, pansalu osafika kanthu kooneka. Azimayi okongoletsa anati iwo pobwera anapeza zili momwemo. Layisoni anali chiimire kutsogolo kuja akundidikira moleza mtima, ngati munthu wachifundo.

Kunatsala Dailesi. Ndinamupeza m'nyumba ya azakhali akumuluka tsitsi, ndipo ndinapempha oluka aja kuti atipatse mpata. Ndinagwada pamaso pa mwana amene ndinamubereka kumsana ali khanda, n'kumuuza zonse. Anamvetsera osaphethira.

"Mwatha, achimwene?"

"Dailesi, usapite naye. Ndakupempha."

"Ine ndinkamuopa munthuyu. Ndinkati mwamuna wa achemwali ndimutenga bwanji? Munabwera ndinu, katatu konse, kudzandiuza kuti wabwino ngati ameneyu sindidzamupeza. Nditamva mawu anu ndinasiya kudziletsa." Anagwira pamimba pake. "Miyezi iwiri tsopano. Lero mukuti nditani? Ndikauze anthu onse ali panjawa kuti achimwene aona chithunzithunzi?"

Kenako anaitana oluka aja kuti apitirize.

Ukwati unachitika. Unkhoswe anandilanda usiku womwewo n'kupatsa mwana wa atsibweni. Zithunzi sizinaonetsedwe. Ine ndinakhala kunyumba ndikumva zoimbira zikugunda kuchokera kuholo mpaka dzuwa kulowa. Anthu ena amati ndinachita nsanje, ena amati ndinayamba kusuta. Ndinapita ndekha kumalire kukafunafuna manda aja, koma esitetiyo inagulitsidwa kalekale, zigafa anagwetsa, paliponse ndi soya. Palibe amene anamvapo za Ezelina.

Patatha mwezi Layisoni anapeza ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina, n'kumutenga Dailesi. Dzina la esitetiyo sanandiuze, ndipo atsibweni analamula kuti aliyense asandiuze, ndingakasokoneze banja la ana. Dailesi yekha ndiye ankayankha foni yanga mwa apo ndi apo, mawu awiri atatu: tili bwino, miyendo ikutupa, mvula yagwa. Ndinkamuchonderera kuti masiku akayandikira abwere adzadikirire kuchipatala cha kwathu kuno. Ankati aona.

Mwezi wake wobereka ndi uno. Foni yake inasiya kulowa Lachiwiri. Ya Layisoni ikulowa, imaitana mpaka kuduka yokha. Ndapita kwa atsibweni kawiri, akuti ndisiye kulosera zoipa, kumeneko netiweki imavuta.

Mwina imavutadi. Koma kuyambira Lachitatu, kukamacha, nkhuku zisanatsike, pabwalo panga pamamveka kusesa. Mkazi wanga amakhala ali m'tulo pambali panga, ana tilibe, ndipo tikatuluka timapeza bwalo lonse losesedwa mpaka kumpanda, zinyalala zitaunjikidwa pakona monga ankachitira ana aakazi kwa amayi. Kusuzumira pawindo ndalephera, mtima sukundilola. Lero m'mawa ndinangogona chagada, n'kumvetsera bwinobwino.

Masache amene akusesawo ndi awiri.